Mbiri Yolembedwa m'Miyala: Ulendo Wathu wa ku Karonga ndi ku Dedza

Tsiku lina aphunzitsi a Mbiri anali kutiuza za Angoni a Mpezeni ndi za boma la Fort Manning, limene lero tilitcha Mchinji. Tsono mnzathu wina anaimika dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi Azungu asanafike ndi mapepala ao, mbiri ya dziko lino inali kulembedwa pati?" Ambiri a ife tinaseka, koma aphunzitsi sanaseke iai. Iwo anati, "Wafunsa bwino, mwanawe, pakuti safunsa anadya phula. Koma yankho lake siliri m'buku lino. Liri m'miyala. Mukapeza ndalama za galimoto ndidzapita nanu kuti mukadzionere nokha."

Mau amenewa sanatigonetse tulo. Tinagulitsa mtedza wa m'munda wa sukulu, ena anagwira ganyu, ndipo makolo athu anaonjezerapo pang'ono. Kotero tinayenda maulendo awiri, woyamba wa ku Karonga pa nthawi ya tchuthi, wachiwiri wa ku Dedza sukulu itatsegulidwa. Ndalemba zimene tinaphunzira kuti inu amene munatsala mupindule nazonso.

Njira ya ku Karonga

Tinanyamuka pa Mkanda tambala woyamba atalira. Tinadzera ku Kapiri ndi ku Kasungu, tinapyola Jenda ndi nkhalango ya Chikangawa, ndipo tinagona ku Mzuzu. M'mawa mwake tinatsika mtsetse wa Chiweta, kumene mseu ukhotakhota ngati njoka. Pamenepo ambiri a ife tinaona Nyanja ya Malawi kwa nthawi yoyamba, ndipo m'galimoto munangoti zii. Titapitirira Chilumba tinayamba kuona minda ya mpunga, nthochi ndi ng'ombe zambiri, kufikira tinalowa m'tauni ya Karonga dzuwa likupendeka.

Tauni yaing'ono ya mbiri yaikulu

Karonga ndi tauni yotentha ya m'mbali mwa nyanja, m'dziko la Angonde amene mfumu yao yaikulu ndi Kyungu. Siifanana ndi Lilongwe kukula kwake, koma mbiri yake ndi yolemera. M'zaka za m'ma 1880 kampani ya African Lakes inamanga sitolo pamenepo. M'masiku omwewo munthu wina wogula ndi kugulitsa akapolo, dzina lake Mlozi, anamanga malinga pafupi ndi Karonga nayamba kusautsa Angonde. M'chaka cha 1887 anthu ambiri anathawira m'bango la ku Kambwe, ndipo ankhondo a Mlozi anatentha bangolo, kotero kuti ambiri anafera momwemo. Nkhondo inatenga zaka, kufikira mu December 1895 pamene asilikali a Harry Johnston anagwetsa linga la Mlozi, ndipo iye ananyongedwa.

Mu September 1914, Nkhondo Yaikulu Yoyamba itangoyamba, asilikali a Germany ochokera ku dziko limene lero ndi Tanzania anathira nkhondo pa Karonga, koma anabwezedwa. Tinaona manda a ena amene anafa pa nkhondoyo. Koma aphunzitsi anati, "Zonsezi ndi za dzulodzuloli. Mawa mudzaona zakale zenizeni."

Pfupa lisanduka bwanji mwala?

M'mawa tinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2004. Asanationetse kanthu, bambo wotilondolera anatifunsa kuti, "Kodi ng'ombe ikafera kutchire, mafupa ake akhala zaka zingati?" Tinayankha kuti sakhalitsa, pakuti afisi awatafuna, dzuwa liwang'amba, ndipo mvula iwafumbutsa. Iwo anati tayankha bwino, ndipo chifukwa chake mwa nyama zikwi ndi zikwi zimene zinafa kale, ndi zowerengeka zokha zimene zinasiya mafupa ao.

Kuti pfupa lisungike pafunika zinthu zitatu. Choyamba, nyamayo ifere pafupi ndi mtsinje kapena nyanja, ndipo mchenga ndi matope ziikwirire msanga zilombo zisanaipeze. Chachiwiri, madzi a pansi pa nthaka, amene atenga timchere ta m'miyala, alowe m'timabowo ta pfupalo nasiyemo timchereto pang'onopang'ono, kufikira pfupa lilemera ndi kuuma ngati mwala. Ntchito imeneyi itenga zaka zosawerengeka, ndipo pa nthawi yonseyo dothi lina lisanjikana pamwamba pake. Chachitatu, pafunika chinthu chobvundukula dothilo kuti anthu alione pfupalo.

Apa mpamene Karonga ali ndi mwai. Nyanja yathu iri m'chigwa chachikulu chimene chinapangika chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka, mbali ina kutsika, ina kukwera. Nthakayo siinaleke kugwedezeka, monga umboni wa zibvomezi zimene zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga mu December 2009. Dothi lakale likakwezedwa motero, mvula ilikokolola nikumba zigwembe, ndipo zimene zinabisika zionekera poyera.

Chinyama chotchedwa ndi dzina la dziko lathu

Pakati pa nyumbayo paimirira mafupa a chinyama chachikulu cha mtundu wa dinosaur, chotalika kuposa mamita 9 kuchokera kumutu kufikira kumchira. Chiri ndi khosi lalitali, mchira wautali, miyendo inai yonga mizati, ndi kamutu kakang'ono. Mtsikana wina wa Fomu 2 anabisala kumbuyo kwa aphunzitsi, koma anatilimbitsa mtima kuti chinyamachi chinali kudya masamba okha. Anatiuzanso kuti chimene tinali kuonacho ndi chifanizo choumbidwa potengera mafupa enieni, chifukwa enieniwo ndi olemera ndiponso osachedwa kusweka.

Mafupa oyamba a chinyamachi anatoledwa m'boma la Karonga m'zaka za m'ma 1920, pamene Frank Dixey anali mkulu woona za miyala m'dziko la Nyasaland. M'chaka cha 1928 katswiri wa ku South Africa, Sidney Haughton, anawafotokoza nawatcha Gigantosaurus dixeyi. Patapita zaka zambiri akatswiri ena anakumbanso ku dera la Mwakasyunguti napeza mafupa ochuluka, pamodzi ndi zidutswa za mutu zimene sizipezeka kawirikawiri pa zinyama za mtundu umenewu. Ataona kuti chinyamachi ndi chosiyana ndi zina, m'chaka cha 1993 Louis Jacobs ndi anzake anachipatsa dzina latsopano lakuti Malawisaurus. Chinali ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Atsikana anzanga, tamverani ichi. Mmodzi wa akatswiri amene anatcha dzinalo ndi mai wa ku Malawi konkuno, Elizabeth Gomani. Iye yemweyo m'chaka cha 1997 anafotokoza za kanyama kena ka mtundu wa ng'ona, kosafika mita imodzi kutalika kwake, kotchedwa Malawisuchus, ndipo m'chaka cha 2005 anatcha dinosaur wina dzina lakuti Karongasaurus. Tsono asakunamizeni munthu kuti Sayansi ndi phunziro la anyamata okha.

Nsagwada ya ku Uraha

Chinthu chachiwiri chimene tinaona ndi chaching'ono, choti nkukwana m'dzanja, koma mbiri yake yamveka kutali. M'chaka cha 1991 gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America linapeza nsagwada ya m'munsi, mano ali momwemo, pa mudzi wa Uraha kumwera kwa Karonga. Akatswiri ati ndi ya munthu wakalekale wa mtundu wotchedwa Homo rudolfensis, amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Iri m'gulu la mafupa akale koposa a mtundu wa Homo amene anapezekapo pa dziko lapansi. M'chaka cha 1996 anapezanso ku Malema chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba ya cholengedwa china chofanana ndi munthu, cha mano akuluakulu otafunira zolimba, chotchedwa Paranthropus boisei.

Chifukwa ninji akatswiriwo anadza kudzafuna kuno? Mafupa otere anali atapezeka kale ku South Africa, ndiponso ku Tanzania, Kenya ndi Ethiopia. Iwo anaganiza kuti ngati zolengedwazo zinali kumwera ndi kumpoto komwe, ziyenera kuti zinadzera pakati, ndipo pakatipo ndi dziko lathu lino. Anafunafuna zaka zingapo osapeza pfupa la munthu, koma sanataye mtima. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha.

Ine ndinafunsa kuti, "Nanga adziwa bwanji zaka zake, popeza panalibe wolemba tsiku?" Anandiyankha kuti umboni wina unachokera ku mano a nguluwe. Nguluwe zakale zinali kusintha maonekedwe a mano ao m'kupita kwa nthawi. Ku Kenya ndi ku Ethiopia mano otere apezeka pakati pa phulusa la mapiri ophulika moto, ndipo zaka za phulusalo akhoza kuziyeza ndi makina. Tsono akapeza mano a nguluwe a mtundu womwewo m'dothi limodzi ndi nsagwada ya ku Uraha, adziwa kuti zonsezo ndi za nyengo imodzi.

Kuyeza nthawi pa bwalo la mpira

Kunena kuti miliyoni nkosabvuta, koma kuimvetsa nkobvuta. Titabwerera kuno aphunzitsi anatitengera pa bwalo la mpira natiimika pa mzere wa golo. Anati, "Mzere uwu ndiwo lero. Phazi limodzi lalikulu, la mita imodzi, likhale zaka miliyoni imodzi." Mnyamata woimira nsagwada ya ku Uraha anayenda mapazi awiri ndi kachidutswa, naima pafupi pomwepo. Woimira kutha kwa ma dinosaur, kumene kunachitika zaka 66 miliyoni zapitazo, anapitirira mzere wapakati. Woimira Malawisaurus anayenda mpaka kubzola golo la tsidya lina. Pamenepo wina anafunsa kuti Mlozi aime pati. Aphunzitsi anazula tsitsi limodzi naliika pa mzere wa golo, nati, "Kuchokera pa Mlozi kufikira lero ndi ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi kapena awiri."

Phunziro lake ndi ili: munthu sanaonanepo ndi Malawisaurus, ngakhale kuti mafupa ao apezeka m'boma limodzi. Zithunzi za kanema zoonetsa anthu akuthamangitsidwa ndi zinyamazi ndi nthano chabe. Komatu akatswiri ati mbalame zonse zinachokera ku mtundu wina wa dinosaur, kotero nkhuku ya amai anu iri ndi makolo omveka.

Zithunzi za m'mapanga a Chongoni

Ulendo wachiwiri unali waufupi. Dedza ndi tauni ya pamwamba pa mapiri, yozizira kwambiri, ndipo amene anaiwala majuzi anaona zakuda. Kufupi ndi tauniyi kuli mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zakale za pa miyala. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Odziwika kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya ntchito yotere. Kwina anthu akale anali kugoba mwala ndi mwala unzake wolimba, monga ku mtsinje wa Chifubwa pafupi ndi Solwezi m'Zambia, ndi ku Twyfelfontein m'dziko la Namibia. Koma ku Chongoni anali kupaka utoto, ndipo chifukwa chake zithunzi zake sizichedwa kuonongeka ndi madzi, utsi ndi manja a anthu.

Zithunzi zina ndi zofiira. Zambiri mwa izo ndi mizere, madontho, ndi zozungulira zina m'kati mwa zinzake. Akatswiri ati anazijambula ndi Akafula kapena Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene anali m'dziko muno alimi asanafike. Ndi omwe aja agogo athu awatcha Amwandionerapati, amene nthano iti ukakomana nao unayenera kunena kuti wawaonera kutali. Zina ndi zoyera, zopakidwa ndi chala chobviika m'dothi loyera, ndipo izi ndi za makolo athu Achewa. Mwa zoyerazi, zina ziri ngati buluzi kapena chikopa choyanika, ndipo zinali zophunzitsira anamwali pa chinamwali. Zina ndi za Gule Wamkulu, ndipo ife a ku Mkanda sitinachedwe kuzindikira kasiyamaliro. Anyamata ena anayang'anana namwetulira, koma sananene kanthu, pakuti za kudambwe saulula.

Aphunzitsi anatifunsa kuti zakale koposa ndi ziti, zofiira kapena zoyera. Mtsikana wina anayang'anitsitsa nati, "Zofiira, aphunzitsi, chifukwa apa choyera chakwera pamwamba pa chofiira." Anakhoza ndithu. Lamulo lake ndi lomwe lija la dothi la ku Karonga, lakuti chapansi ndicho chinayamba, chapamwamba chinadza pambuyo.

Manyazi anga

Tsopano ndinene chinthu chimene chindichititsa manyazi. Pa phanga lina tinapeza maina a anthu a masiku ano olembedwa ndi makala ndi choko, ena pamwamba penipeni pa zithunzi. Anzanga atatsogola, ine ndinaona khala pansi ndipo ndinalitola, ndi maganizo akuti nanenso ndisiye dzina langa ndi la Mkanda. Ndisanakhudze mwala ndinamva dzanja pa phewa langa. Anali agogo amene anali kutilondolera. Sanakalipe iai. Anangoti, "Mdzukulu wanga, amene anajambula apa sanalembepo maina ao, koma iwe wachoka ku Mchinji kudzaona ntchito yao. Ukalemba lako, adzachoka kuti munthu kudzaliona?" Ndinasowa poyang'ana. Ndinataya khala lija nditi, "Pepani agogo, ndalakwa."

M'galimoto pobwerera ndinalingalira kwambiri. Chithunzi chimene chapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwo yambiri, ine ndikadachiononga pa mphindi imodzi. Ndipo pofufuta dzina lotere utoto wakale ukhoza kuchoka nao, osabwereranso. Buku likang'ambika asindikiza lina, koma phanga la Chentcherere ndi limodzi lokha.

Nanga kwathu kuno?

Tisaganize kuti zakale ziri ku Karonga ndi ku Dedza kokha. Tsidya la malire, pafupi ndi Chipata, kuli phanga la Thandwe lokhala ndi zithunzi, ndipo m'nkhalango ya nyama ya Kasungu muli zithunzi ndi ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo. Ngakhale m'minda mwathu makasu atukula mapale a miphika yakale, zitsotso za chitsulo, ndi miyala yobulungira yobooka pakati. Kwathu unalipo mwala wotere umene tinali kutsekera chitseko cha khola la nkhuku. Ndaphunzira tsopano kuti anthu akale anali kulowetsa ndodo m'miyala yotere kuti ilemere pokumba mizu. Ndinaupempha kwa amai, ndipo ndinawasonyeza aphunzitsi malo amene unatoledwa.

Chifukwa chake gulu lathu la Mbiri lagwirizana malangizo awa, ndipo tipempha sukulu yonse iwasunge:

1. Ukapeza pfupa lolemera ngati mwala, phale lakale kapena chida cha mwala, usachichotse pamalo pake. Chinthu chikachoka m'dothi lake chataya theka la umboni wake, monga taonera pa mano a nguluwe.

2. Zindikira malowo bwino, nuuze aphunzitsi kapena a mfumu, kuti iwo adziwitse a boma oyang'anira zinthu zakale.

3. Usakhudze chithunzi cha pa mwala, usachithire madzi kuti chioneke bwino, ndipo usasonkhe moto m'phanga.

4. Usagulitse chinthu chakale kwa munthu wodutsa, pakuti lamulo la dziko liletsa, ndipo ndi chuma cha ife tonse.

5. Funsa agogo ako maina a mapiri, mitsinje ndi midzi yakale, nulembe zimene akuuze iwo akali moyo.

Mnzathu uja anafunsa kuti mbiri yathu inali kulembedwa pati. Tsopano ayankha yekha kuti ina iri m'dothi, ina pa makoma a mapanga, ndipo ina iri m'kamwa mwa akuluakulu. Ntchito yathu ndi kuphunzira kuiwerenga ndi kuisunga. 

Mafunso oyesera

1. Tchulani zinthu zitatu zofunika kuti pfupa lisanduke mwala ndi kupezedwa.
2. Fotokozani m'mene mano a nguluwe anathandizira kudziwa zaka za nsagwada ya ku Uraha.
3. Kodi munthu anaonanapo ndi Malawisaurus? Perekani chifukwa cha yankho lanu.
4. Siyanitsani zithunzi zofiira ndi zoyera za ku Chongoni.
5. Mutapeza mwala wobooka pakati m'munda mwanu, mungachite chiani?

Wophunzira wa Fomu 3,
Mlembi wa Gulu la Mbiri